Mibadwo Isanu m'Malire a Munda wa Amayi

Linali Lachitatu, pa 16 Okutobala, ndipo ndinali pakhonde kusankha nyemba za mbewu. Zofumbwa ndinkaika pambali, zabwino n'kumathira m'chigubu momwe amayi anali atathiramo phulusa. Pansi pa lichero ndinabisapo buku langa limene ndimalembamo zochitika za tsiku, chifukwa amayi akaliona amati ntchito siyenda.

M'bukumo munali ntchito ya kusukulu imene inkandisowetsa mtendere. Aphunzitsi athu a Fomu 1 anatiuza kuti aliyense ajambule mtengo wa banja lake, abwerere m'mbuyo mpaka pomwe angathe, ndipo Lolemba adzaime kutsogolo n'kufotokoza. Iwowo kwawo ndi kumpoto, kumene mwana amamuwerengera kwa bambo ake, choncho pabolodi anajambula mwana, pamwamba pake bambo, pamwamba pa bamboyo bambo akenso, kumangokwera choncho. Ine ndinakopera mmene zinalilimo, osafunsa kanthu.

Abambo anali atandithandiza dzulo lake, ndipo anakondwa kwambiri. Kwawo ndi kufupi ndi Nsipe. Ananditchulira bambo awo amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo, ndi agogo awo amene akuti anali ndi khola lalikulu la ng'ombe. Ng'ombezo zinkachuluka nthawi iliyonse abambo akabwereza nkhaniyo. Ndinalemba zonse mosamala, ndi rula, osafufuta ngakhale pamodzi.

Ndiye Lachitatulo amayi ananyamula lichero kuti apete, buku lija n'kuonekera.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Mtengo wa banja lathu," ndinayankha.

Anauyang'ana nthawi ndithu, akutsata mizere ndi chala. "Nanga ine ndili pati?"

Ndinawaonetsa kabokosi kakang'ono chakumbali, momwe ndinalembamo kuti mkazi wa abambo. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Abambo ake, tabwerani mudzaone kuno! Mwana wanu wandisandutsa mlendo pamudzi panga pomwe."

Abambo anali kuseri kukhomera khasu mumpini. Anabwera khasulo lili m'manja, n'kusuzumira m'bukumo.

"Walemba zoona mwanayu. Anthu akamamuthokoza amatchula chiwongo cha yani? Si changa?"

"Chiwongo n'chanu, palibe akukana. Koma nyemba akusankhazi zikadzalidwa m'munda wa yani? Inu pano munabwera ndi njinga ndi bulangete limodzi."

"Awiri," anatero abambo. "Mabulangete anali awiri."

Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo munda umachoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili wamng'ono, koma sindinaganizepo kuti za kumudzi zingalowe m'ntchito ya kusukulu. Ndinatsegula tsamba lina n'kuyambanso. Amayi ananditchulira mayi awo, agogo anga amene anamwalira ndili Sitandade 2, ndi agogo awo amene anawaona pang'ono ali mwana. Pamenepo anaima.

"Kumtunda kwa apa sindikudziwako. Amene anayamba kulima phiri lathuli sindinawaone. Kafunse amalume, ndiwo atsala. Koma ufulumire, paja Loweruka akunyamuka."

Amalume awo a amayi ine ndimawatchula kuti agogo. Ndi mlongo wawo wa agogo anga aakazi aja. Ali mnyamata anagwira ntchito kumigodi ku Joni, atabwerako n'kukwatira ku Mlangeni, ndipo akazi awo atamwalira anabwerera kuno kwawo. Maso awo anachita ng'ala, moti mwana wawo amene amakhala ku Lilongwe anakonza zodzawatenga Loweruka kuti akaonedwe kuchipatala, ndiponso kuti azikakhala komweko. Akuluakulu ankanena poyera kuti akapita sabwera msanga. Choncho ndinali ndi masiku awiri okha. Zimene agogowo ankadziwa za mbumba yathu palibe wina pakhomo pathu ankazidziwa, ndipo palibe amene anazilembapo.

Vuto linali langa. Ine kulankhula ndi munthu wamkulu kumandivuta. Ndipo agogowo sadziwa kulankhula motsitsa. Akamva mapazi anga amafuula kuti, "Akazi anga afika! Mwandiphikira chiyani lero?" monga amachitira agogo aamuna ndi zidzukulu zawo. Atsikana ena amayankha kuti, "Inu nkhalamba, ndani angakufuneni opanda mano?" onse n'kuseka. Ine ndinkangotula zimene andituma n'kuthawa.

Lachinayi nditaweruka kusukulu ndinapempha amayi kuti thobwa la agogo ndikapereke ine. Buku ndinalikulunga m'chitenje m'chiuno. M'njira ndinkabwereza funso langa chapansipansi kuti lisandithawe. Koma nditafika ndinapeza pamthunzi pali azibambo anayi a kutchalitchi amene anabwera kudzatsanzikana nawo. Ndinagwada, ndinapereka moni kwa aliyense, ndinaika jagi pansi.

"Awa ndiwo akazi anga aang'ono," agogo anauza alendowo. "Ulemu ali nawo, koma chikwatirireni sindinamve mawu awo. Mwina ndinakwatira chithunzi."

Azibambo aja anaseka. Ine ndinadzuka n'kubwerera, buku lili m'chiuno momwemo. Madzulo ake ndinalemba mawu ochepa kwambiri: Lero ndalephera. Kwatsala mawa lokha.

Lachisanu tinaweruka msanga. Sindinadutsire kunyumba, poopa kuti ndikakhala pansi mtima ubwerera m'mbuyo. Ndinapita ndi yunifomu yomwe. Ndinawapeza okha, atakhala pa bokosi lawo lachitsulo limene anabwera nalo ku Joni, zovala zawo atazimanga kale. Anali atavala chipewa ndi jekete ngakhale kunkatentha.

"Ndani ameneyo? Mapazi awa ndi a akazi anga."

"Ndine, agogo."

"Aa! Amalankhula!"

Ndinagwada pafupi, ndinapuma, kenaka ndinanena zonse nthawi imodzi ngati ndikulakatula: kuti kusukulu atituma mtengo wa banja, kuti amayi akudziwa mpaka pa agogo awo basi, kuti ndikufuna kudziwa amene anayamba pamudzi pano ndi ana awo.

"Kweza mawu, khutu ili linatsalira kumgodi."

Ndinabwereza mokweza. Ndikuganiza kuti ngakhale nkhuku zinadabwa.

Agogo sanaseke. Anafufuza ndodo yawo ndi dzanja.

"Zaka zonsezi ndakhala pano palibe mwana anandifunsapo zimenezo. Onse amangofuna nkhani za ku Joni. Koma ndikakuuza titakhala pansi ndisokoneza, mutuwu wakalamba. Tiye kumunda. Iwe ukhala maso, ine ndikhala pakamwa."

Anagwira phewa langa ndi dzanja lamanzere, ndodo kudzanja lamanja, ndipo tinayamba kukwera. Munda wathu uli pachitunda, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Kunali dzuwa la Okutobala, koma kwathu kumtunda kuno mphepo siisowa. Anthu anali m'minda kugalauza mizere, kwina utsi wa mapesi ukufuka. Patali, pamsewu wa ku Tsangano, lole yonyamula mbatatesi inkatsika pang'onopang'ono ikusiya fumbi m'mbuyo. Agogo ankayenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Mwala uliwonse wa m'njira ankaudziwa, moti nthawi zina ndi iwo ankandichenjeza ine.

Titafika pamwamba anati, "Pali chulu chachikulu apa. Undiimike pamenepo."

Ndinawaimika. Analoza ndi ndodo, osaphonya ngakhale sankaona.

"Kuchokera pachulu pano, kutsika mpaka kukhwawa uko. Kutsata khwawa mpaka pamwala waukulu uja wong'ambika pakati. Kukwera mpaka pamtengo wa msuku, n'kubwerera pano. Ukuona zonsezo?"

"Ndikuona."

"Wonsewo unali munda umodzi, wa munthu mmodzi, agogo anga ine. Ndiwo anaswa mphanje pano ndi amuna awo, kudali thengo lokhalokha. Anachokera kuseri kwa mapiri awo, mbali ya ku Mozambiki, nthawi imene anthu ankangodutsa osadziwa kuti asintha dziko. Walemba?"

Ndinalemba. Koma m'malo mwa kabokosi ndinajambula mundawo mmene ndinkauonera, chulu pamwamba, khwawa pansi. Malowo ndi aakulu. Tsopano pali minda yambiri ya mabanja osiyanasiyana, ndipo ine chibadwire ndinkangoiona ngati minda ya anthu oyandikana.

"Tsopano yang'ana khonje. Pali mizere ingati ya khonje yotsika kuchoka kuno kukafika kukhwawa?"

Ndinawerenga. "Iwiri."

"Mizere iwiri imagawa munda pangati?"

"Patatu."

"Eya, sukulu ikugwira ntchito. Agogowo anabereka ana aakazi atatu. Atakwatiwa onse, anawagawira, n'kudzala khonje m'malire kuti akamwini asadzakangane. Chigawo ichi cha kuchulu ndi cha woyamba, amayi anga ine. Ndilo bele lalikulu, ndipo iwe uli m'menemo. Chapakati ndi cha wachiwiri. Cha kumsuku uko ndi cha chitsirizira."

Khonje ameneyo ndamudutsa kambirimbiri. Wandibayapo miyendo, ndipo abambo amadulako masamba ake popota zingwe za mbuzi. Sindinkadziwa kuti anadzalidwa ndi munthu amene ankaganizira ana ake atatu. Ndinajambula mizere iwiriyo.

Tinatsikira m'chigawo chathu. Agogo ankagogoda ndi ndodo uku ndi uku mpaka inagunda mtengo.

"Pichesi uyu. Alipo angati pamzerewu?"

"Asanu ndi mmodzi, koma wina anauma."

"Anali khumi. Amenewa ndinadzala ndine, ndi manja awa. Amayi anga anali ndi ana aakazi awiri, agogo ako ndi mng'ono wawo, ndi ine mwamuna mmodzi. Nditabwera ku Joni ndinapeza alongo anga onse ali pabanja, amayi n'kundiuza kuti, iwe ndiwe mwini mbumba, agawire. Ndinati khonje ayi, amabaya ana. Ndidzala chinthu choti anthu akabwera kudzakangana za malire azipeza chodya."

"Ndiye ankakangana?"

"Ankakangana za mapichesi!"

Ndinaseka mokweza, mosayembekezera, ndipo agogo anatembenuka ngati amva chachilendo.

"Amasekanso! Lero ndaona zambiri, ngakhale ndilibe maso."

Mapichesiwo anali asanapse bwino, koma anandiuza kuti ndiwathyolere limodzi. Analiluma ndi mano awo a m'mbali, nkhope n'kukwinyika chifukwa cha kuwawasa, koma analimaliza.

Kumunsi kwa mapichesi sanafunikenso kundiuza zambiri. Ndinayamba kuona ndekha. Mbali ya agogo anga aakazi inagawidwa patatu ndi mizere ya udzu wa vetiva umene alangizi anabweretsa: gawo la amayi, la amayi aakulu, ndi la amayi aang'ono. Ndinawauza agogo zimenezi ndisanafunsidwe.

"Basi wadziwa kuwerenga," anatero. "Khonje ndi m'badwo wa amayi anga. Mapichesi ndi wa alongo anga. Udzuwo ndi wa amako. Gawo la amako silinadulidwe chifukwa iwe ndi mng'ono wako mukadali pasukulu. Tsiku lina mudzasankha nokha chodzala pakati."

Ndinawerenga ndi zala: amene anaswa mphanje, ana awo atatu, agogo anga, amayi, ine. Mibadwo isanu, ndipo yonse inali poyera, padzuwa, pamalo pomwe ndimapalira chaka ndi chaka.

Kenaka chinthu china chinandivuta, ndipo ndinafunsa popanda kuchikonzekera.

"Nanga inuyo agogo, gawo lanu lili pati?"

"Ine? Ndilibe. Amuna timabadwa pano n'kukalima kwa eni. Ukafuna mizere yanga upite ku Mlangeni, ndinasiya thukuta langa kumeneko zaka zambirimbiri. Pano pamalima amuna a kwina. Tamvera, si khasu limenelo?"

Analidi abambo, akugalauza m'gawo la amayi. Atationa anaika khasu pansi, anavula chipewa, n'kunjuta chapatali monga amachitira mkamwini kwa akuluakulu a kuchikazi.

"Mwaswera bwanji, apongozi?"

"Ndaswera, kaya inu akamwini? Mukulima kapena mukungokanda?"

Abambo anaseka akuyang'ana pansi. "Tikuyesera, apongozi."

Agogo anandiuza kuti ndiwatsogolere pamzere umodzi. Anaupapasa ndi phazi, kenaka ndi ndodo, kuyeza kutalika kwake, n'kuyenda nawo masitepe angapo.

"Iwe, lemba izi," anatero mokweza kuti abambo amve. "Munthu uyu atabwera, gawo ili linali ndi ngalande yoti mbuzi inkabisalamo. Madzi ankakokolola nthaka chaka chilichonse. Iye ndiye anatembenuza mizere kuti izipingasa chitunda, n'kutuma miyala pamutu kutseka ngalandeyo. Munda ndi wa amako, koma ukanakhala uli kukhwawa pakanapanda iyeyu. Usamusiye kunja kwa buku lako."

Abambo anangovala chipewa, n'kuchivulanso, n'kutola khasu. Koma ndinawaona akumwetulira okha mpaka titadutsa. Pachithunzi changa ndinalemba abambo motsata mizere, mopingasa, ndipo kenaka ndinachita chimodzimodzi ndi amuna onse amene agogo anawakumbukira, aliyense m'gawo limene analima. Agogo enieniwo ndinawalemba pamzere wa mapichesi.

Tinadutsa khonje woyamba n'kulowa m'chigawo chapakati. Mmenemo amalima amayi aang'ono ndi anthu ena a bele lathu, choncho ndinafunsa chifukwa chake.

"Wachiwiri uja anabereka amuna okhaokha, anayi. Atatu anakakwatira kwina, mmodzi anapita kumafamu ku Halale n'kutchona. Mayi awo atamwalira munda unabwerera kwa abale. Koma khonje sitizula. Ukazula ndiye kuti wafafaniza munthu, ana a mawa adzayesa kuti anali awiri."

Titayandikira khonje wachiwiri ndinachepetsa liwiro. M'chigawo chachitatu mumalima anthu a kutsidya kwa khwawa. Amapemphera tchalitchi china, amatunga pamjigo wina, ndipo timangopatsana moni. Ndinkamva amayi akunena kuti akutsidya ndi abale, koma kwathu aliyense amatchedwa m'bale, choncho sindinkaziika kumtima. Chimene chinandichititsa mantha n'chakuti m'mundamo munali mtsikana wa m'kalasi mwathu, amene amakhala kumbuyo, wamtali, woyambitsa nyimbo ku netibo. Amanditchula kuti kachetechete, ndipo ndikamuona ndimadzera njira ina.

Anationa tisanabwerere.

"Ii, kachetechete! Lero wapeza chibwenzi? Koma wasankha chachikulire!"

"Ameneyo ndani wapakamwa ngati wailesi?" anafunsa agogo. "Bwera kuno."

Anabwera akuseka, khasu paphewa, n'kugwada.

"Agogo ako aakazi, amene ali moyowa, mayi awo anali ndani pamunda pano?"

"Amati anali chitsirizira cha eni mundawu."

"Ndipo amayi anga ine anali woyamba. Mimba imodzi. Agogo akowo ndi mlongo wanga, amako ndi amake a uyu ndi pachibale, inu awiri ndinu amodzi. Kusukulu mumakhala limodzi?"

"Amandithawa!" anatero mtsikanayo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye kuti kachetechete aka ndi kamng'ono kanga?"

"Ayi," anatero agogo. "Zaka usawerenge. Uyu ndi wa bele lalikulu, iwe wa laling'ono. Pamwambo wa mbumba amayamba kulankhula ndi iyeyu, iwe n'kudikira."

"Ndiye tidzagona pomwepo, agogo, tikudikira kuti alankhule!"

Anaponya khasu pansi, n'kugwada pamaso panga, manja pamodzi, nkhope ataiumitsa.

"Mwaswera bwanji, akulu?"

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinati, "Ndaswera, mwana iwe. Walima mizere ingati chifikire?"

Anagwa chagada pamzere ndi kuseka, miyendo m'mwamba. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo mayi ena amene ankalima chakumunsi anaimirira kuti aone chachitika. Mtsikanayo atadzuka analanda buku langa, n'kuona chithunzi chija. Anasiya kuseka. Anafufuza ndi chala chafumbi mpaka anapeza gawo la amayi ake, n'kundiuza kuti ndalakwitsa, pamenepo pali magawo anayi osati atatu, chifukwa amayi ake ena aang'ono ali ku Balaka koma gawo lawo lilipo. Iyeyo ntchito ya aphunzitsi anali asanaiyambe n'komwe. Anati Lolemba tikaime limodzi, ine ndikagwire chithunzi, iye akalankhule.

"Ayi," ndinatero. "Ndikayamba ine. Iwe ukadikira."

Chala chake chinasiya chidindo chofiira patsambalo. Sindinachifufute.

Tinakafika pamwala wong'ambika uja, agogo n'kukhala pansi kuti apume. Ife awiri tinakhala m'munsi mwawo. Ndinayang'ana chithunzi changa. Magawo onse anali ndi anthu ake, koma pamwamba penipeni, pamene ndinasiya malo a mwini munda woyamba, panali pongoyera.

"Agogo, nanga dzina lawo anali ndani?"

Agogo anavula chipewa, anakanda kumutu.

"Taona zimenezi. Ndinkangoti agogo."

"Simunamvepo?"

"Ungamve kuti? Masiku amenewo mwana kutchula dzina la munthu wamkulu unkalandira khofi. Akuluakulu ankawaitana ndi chiwongo, amuna awo ankati amake a uje. Ine ndadya chakudya cha m'manja mwawo, ndawasenzera nkhuni, ndikudziwa kuti chala chawo chimodzi chinali chopindika ndiponso kuti ankaopa abuluzi. Koma dzina, ayi."

Anaseka, koma ndinaona kuti zawakhudza. Anakhala akutembenuza chipewa m'manja. Ine ndinataya mtima, chifukwa ndinkayesa kuti iwo akapanda kudziwa ndiye kuti dzinalo linapita.

Kenaka anamenya mwala ndi ndodo.

"Dikira! Mlongo wanga wa kutsidyayu. Agogo ake a wailesiyu. Ndiye ankagona nawo m'nyumba atakalamba. Agogo athuwo atadwala kwambiri anapempha ubatizo, ndipo abusa atabwera anawafunsa dzina lawo lakale asanawapatse latsopano. Ine ndinali ku Joni, ndinangomva m'kalata kuti abatizidwa. Koma iyeyo anali pomwepo, atawagwira mutu. Ngati pali khutu limene linamva dzinalo, ndi lake."

"Agogo anga?" anatero mnzanga uja. "Amene aja saiwala kanthu. Amakumbukira ngakhale nkhuku imene ndinaithyola mwendo ndili Sitandade 1."

"Koma usakafike ndi pensulo m'manja ngati wa kalembera," agogo anandiuza. "Munthu wamkulu safunsidwa dzina la mayi kapena agogo ake pabwalo, angakuyang'ane n'kukuuza kuti waiwala. Upite ngati mdzukulu. Umusenzere nkhuni, ukhale naye, umuuze kuti ndiwe wa bele liti. Akakulandira, umufunse za tsiku la ubatizo lija. Dzina lidzatuluka lokha. Ndipo ukalimva, uuze amako andiimbire foni ku Lilongwe. Ndikufuna ndilidziwe nanenso, ndakhala mbuli nthawi yaitali."

"Ndidzakuuzani ndekha pafonipo," ndinatero.

"Ukweze mawu."

Pobwerera mnzanga uja anatiperekeza mpaka pachulu, akuimba nyimbo ya ku netibo koma ataikamo mawu onena za akulu ake osalankhula. Agogo ankavomereza molakwitsa dala. Kunyumba tinapeza amayi akuyang'ana kunjira, akudabwa kuti ndatha kuti ndi yunifomu. Ndinawapatsa buku. Anayang'ana chithunzicho, anapeza gawo lawo, la akulu awo, la mayi awo, ndipo anaitana abambo kuti adzaone pamene alembedwa.

"Mwaona? Muli m'munda mwanga."

"Ndili mopingasa," anatero abambo. "Ndine ndagwira zonsezi kuti zisatsetsereke."

Dzuwa lisanalowe ndinapita kukatola nthambi zouma za bulugamu, ndinamanga mtolo wabwino n'kuuimika kuseri kwa khitchini. Kenaka ndinakhala pakhonde n'kulemba zonse za tsikulo, masamba asanu ndi limodzi, kuti ndisaiwale ngakhale za abuluzi. Pomaliza ndinalemba kuti mawa, galimoto ya agogo ikangonyamuka, ndisenza nkhunizo, ndiwoloka khwawa, ndipo ndikafika pakhomo pa agogo a kutsidya ndikaodira ndekha, mokweza, osadikira kuti mng'ono wanga watsopano wa ku netibo uja andilankhulire.